Zikhomo Zofiira M'dambo la Kwathu

Nyumba yathu ili kumunsi kwa Mpingwe, pamzere womalizira weniweni. Ukatulukira khomo la kukhitchini pali kamunda ka mpiru, kenako kampanda kakafupi, kenako njira ya oyenda pansi, basi dambo layamba. Njanji imatsika kuchokera ku Limbe, n'kudutsa m'mbali mwa nyumba zathu, kenako n'kukhota kutsata dambolo. Takhala pamenepa chikwatiraneni ine ndi amuna anga, ndipo zaka zonsezo sitima inkangotidutsa, kuliza lipenga ngati ikutinyogodola. Ukafuna ulendo unkayamba wakwera minibasi mpaka ku Limbe, kukakangana ndi kondakitala za katundu, kenako sitima yomweyo n'kudzakudutsitsa pakhomo pako pomwe, iwe ukuona zovala zako zili pachingwe.

Ndiye atabwera anthu a njanji kudzanena kuti akufuna kumanga kasiteshoni kwathu kuno, woyamba kululutira ndinali ine. Ndisaname. Makolo a mayi anga anachokera ku Mozambiki motsata njanji yomweyi, ndipo ndili mwana mayi ankandikweza sitima kupita kuchigwa kukaona abale. Ndimakumbukabe fungo la nsomba zouma m'mabogi, ndi amayi ogulitsa nzimbe akuthamangira pazenera, ndi mayi akusintha chiyankhulo tikangoyandikira kwawo. Mayi anapita, abale aja anatha mmodzimmodzi, koma ndikamva lipenga lija mtima umandithamangabe. Ndinkaifuna siteshoniyo.

Malo anali awiri. Oyamba anali kumtunda, pouma bwino, pafupi ndi msewu, koma pamenepo panafunika kugumula mizere iwiri ya nyumba, yathu ili m'gulu lomwelo. Achiwiri anali pokhota paja, m'dambo, pomwe akanathira miyala ndi dothi mpaka pakwere. Oyeza malo anazungulira konse kuwiri ndi makina awo a miyendo itatu, kenako anati eni dera anenepo maganizo awo. Nthawi yomweyo kunabadwa komiti, ndipo wapampando simungafunse kuti anali ndani. Amuna anga ndi kalaliki wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi nsapato zopolisha ngakhale akupita kukagula sopo paokala. Kutakhala komiti ya maliro a nkhuku, wapampando angakhalenso iwowo.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, masana a Loweruka. Abambo anakhala pamabenchi, ife amayi tinayala zitenje kumbali kwathu monga mwa nthawi zonse. Bwana wa njanji, bambo waulemu wake ndithu, anafotokoza za malo awiri aja, kenako anafunsa kuti, "Tisanapite patali, makolo anga, kudamboko kuli manda? Kapena malo ena alionse amene anthu amawalemekeza? Ife manda sitifuna kuwakhudza."

Amuna anga anaimirira, kukonza jekete, kutsokomola pang'ono. "Bwana, ine ndinabwera kuno tsitsi lili bii, lero latha lonse ndili konkuno. Manda athu ali kuphiri uko, aliyense akudziwa. Kudambo kulibe kanthu. Ndi achule okha, ndipo achulewo sitinawaitane kumsonkhano."

Ha! Kuseka kwake. Anthu anaomba m'manja, wina mpaka kuimba mluzu. Koma anali abambo okha. Kumbali kwathu kunali zii. Wina ankathothola udzu, wina ankamasula mpango n'kuumanganso. Ine amene ndimadziwika dera lonse kuti pakamwa panga sipagona ntchentche, ndinangowerama ngati anzangawo. Manja anaimikidwa, dambo linapambana, nyumba zinapulumuka. Tikubalalika, mayi wina wa mzere wachiwiri, yemwe sitinkachezerana n'komwe, anandiyandikira ngati akukonza chitenje n'kunong'ona kuti, "Anga awiri ali komweko." Sanandiyang'ane n'komwe.

Ndifotokoze za achule a amuna angawo.

Pathupi panga poyamba panafika mpaka mwezi wake, mvula ili pakati. Inagwa sabata yathunthu, msewu wathu unasanduka phala, galimoto silikanafika ngakhale tikanalipeza. Matenda anandiyamba m'mawa. Analipo apongozi anga aakazi ndi amayi amodzi achikulire oyandikana nafe, omwe dera lonse limangowatchula kuti amayi a zitumbuwa, chifukwa ndiyo inali malonda awo pamphambano. Mwana anabadwa, koma sanalire. Ndinatchera khutu, abale inu, ndinatchera khutu mpaka ndinamva madzi akudontha m'chidebe kuseri kwa nyumba. Amayi awiri aja anayang'anana, n'kumukulunga msangamsanga m'chitenje. Sanandionetse. Apongozi anandigwira pamphumi n'kunena kuti, "Madzi ndiwo atayika, mtsuko uli bwino. Usalire. Ukalira, enawo aopa kubwera."

Mwana wotero amatchedwa mtayo, ndipo mtayo ulibe maliro. Palibe bokosi, palibe nyimbo, palibe dzina. Amakauika amayi achikulire okhaokha, posaya, pamalo a chinyontho, ati kuti mayi wake asaume. Mayi wakeyo sapita nawo, ndipo mwamuna sauzidwa kuti ndi pati. Tonsefe tinali anthu opemphera, Lamlungu tinkaimba nyimbo za m'buku mokweza, koma izi mpingo sunkalowererapo. Zinali za amayi, ndipo zinkathera kwa amayi komweko.

Chimene ndinaona ine ndi chapazenera. Ndinadzikoka pabedi n'kusuzumira. Apongozi anali kutsogolo ndi kakhasu, amayi a zitumbuwa pambuyo atafumbata kanthu m'kati mwa chitenje chawo, ngati anthu opita kukathyola ndiwo. Anadutsa kampanda, kutsikira m'dambo, kulunjika kumene kunali mtengo waukulu wa katope. Bango linawaphimba. Atabwerako anasamba m'manja, kunditenthetsera phala, nkhani n'kuthera pomwepo. Amuna anga atabwera madzulo anangoima pakhomo la kuchipinda n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, mayi?" Ine ndinati ndaswera. Sitinaitchulenso nkhaniyo, olo kamodzi.

Enawo sanaope, anabwera. Atatu, anyamata okhaokha, nyumba yonse fungo la masokosi ndi mpira. Lero wina ali ku Chitawira, wina ku Chinyonga, wina anapita ku Joni ndipo amaimba foni akafuna. Ndimawakonda ana anga, asandimve molakwa. Koma ndinkasirira anzanga oluka ana awo tsitsi pakhonde Loweruka madzulo, mwana atakhala pakati pa miyendo akudandaula kuti mukundikoka. Ndinkasirira mpaka kudwala nako. Ndipo nthawi zonse mbale ndinkatsukira kuseri, nkhope itayang'ana kudambo. Amuna anga atafuna kumanga mpanda wautali wa njerwa ngati anzathu, ndinakana mpaka tinagona osayankhulana. Iwo anati ndi makani anga a masiku onse. Ndinawasiya aganize choncho.

Sabata yotsatira msonkhano uja, oyeza malo anakhoma zikhomo m'dambo, mitu yake yopaka penti yofiira. Ndikatsuka mbale ndinkaziona zili ndandanda, zina m'madimba a anthu, zina m'bango. Ndinkadziwa kuti zikhomo zikakhomedwa chotsatira ndi mathirakitala. Apongozi anali atamwalira kalekale. Munthu mmodzi yekha padziko lonse ndiye ankadziwa pamene mwana wanga anagona, ndipo munthuyo anali atakalamba, maso atachita ng'ala.

Ndinawapeza amayi a zitumbuwa pakhonde pawo, akununkhiza fodya. Zitumbuwa anasiya kale, koma ukali sanasiye.

"Ndani ameneyo akuyenda ngati wabwera kudzalanda mbale?"

"Ndine, amayi."

"Oho, akazi a wapampando. Mwabwera kudzatiuza za achule?"

Ndinakhala pansi. Ndinazungulira, kufunsa za miyendo yawo, za adzukulu awo, mpaka anatopa nane. "Iwe, nena chimene wadzera. Ine masiku anga ndi ochepa, usandithere ndi moni."

Ndinati, "Amayi, mukandionetse pamene munamuika."

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ufuna kudzutsa zogona, eti? Ukakayankhula kwa azibwana aja, aopa manda, abwerera kumtunda kuno. Agumula nyumba yako, agumula yanga. Iwe uli ndi ana a m'maofesi, akutenga. Ine ndikagona kuti, m'chitini cha fodyachi? Ukuganiza kuti tonse aja tinakhala chete chifukwa tilibe pakamwa? Anga ali komweko atatu. Amoyo ndi amene amanyowa ndi mvula, mwana iwe."

"Sindikayankhula kwa aliyense," ndinatero. "Siteshoni amange. Walira mvula walira matope, ine ndinailira ndekha siteshoniyi. Ndingofuna ndikaime pamenepo kamodzi asanathire miyala. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ana dambo lonse, chifukwa sindidziwa poyang'ana penipeni."

Anandiyang'ana ndi maso awo oyera aja. "Mawa m'mawa dzuwa likatentha pang'ono. Ubwere ndi ndodo yabwino. Ndipo usadzandilirire kumeneko, ine za misozi ndinatopa nazo."

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga pakhonde, nyuzi atayala pansi, akupolisha nsapato uku akuimba chamumtima. Anali osangalala masiku amenewo. Anthu ankawaimitsa panjira kuwathokoza kuti apulumutsa nyumba. Anandiona n'kunena kuti, "Mayi, tiyi uja bwanji? Kapena akazi a wapampando saphikanso?"

Chinandikwera. Ndinaima patsogolo pawo manja m'chiuno. "Bambo, munati kudambo kuli chiyani paja?"

"Aa, mwayambanso. Ndi nthabwala chabe ija."

"Munati achule okha. Pamaso pa dera lonse. Mwana wanu woyamba ndi chule?"

Burashi inaima. Anandiyang'ana, kuyang'ana kudambo, kundiyang'ananso. Nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene waponda poterera.

"Ali kumeneko?"

"Nanga mumati ali kuti?"

"Ine ndinkati kuphiri. Ndinkati kumanda kuli mbali ina ya ana otero. Pamaliro alionse ndimayang'ana kumapeto kuja, kuli timitumbira ting'onoting'ono, ndimati mwina ndi kena mwa timeneto."

"Munafunsapo?"

"Ndikanafunsa ndani, mayi? Tsiku lija amayi anga ananditulutsa panja n'kundiuza kuti, iwe pita kuntchito, kuno kulibe zako. Ndinapita wapansi m'matope mpaka ku Limbe. Ndinakhala padesiki tsiku lonse, osalemba kanthu. Nditabwerako anandiuza kuti zalephereka, ndipo ndisakufunseni, ndingakudwalitseni. Ndinadikira kuti mwina tsiku lina mudzanena nokha."

"Inenso ndinkadikira inu."

Tinakhala pamenepo, anthu awiri okalamba, nsapato imodzi yowala ina yosapolisha. Mkwiyo wanga unasowa pogwira. Ndinkafuna kuwakalipirabe, koma ndiwakalipire chiyani munthu amene wakhala akuyang'ana manda olakwika moyo wake wonse? Kenako anati, "Ndipite kwa bwana uja. Ndikanene kuti ndinalakwitsa." Ndinawauza mawu a amayi a zitumbuwa, za nyumba, za amayi ena aja. Anagwira mutu ndi manja onse awiri. Tiyi sanamwe tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinakawatenga amayi aja. Tikudutsa kampanda kathu, ndinamva mapazi kumbuyo. Amuna anga, jekete, chipewa, nsapato zopolisha zija.

Amayi a zitumbuwa anaima. "Ndani akutitsatayo? Ndikumva nsapato za mwamuna."

"Ndine, amayi," anatero amuna anga, mawu ali pansi ngati mwana wa sukulu.

"Bwererani. Kumene tikupita si kwa amuna. Simunamve chibadwire?"

"Ndinamva, amayi. Ndinamvera zaka zonsezi, ndipo taonani zimene ndachita nako kumverako."

Gogoyo anatafuna m'kamwa mopanda kanthu, kenako anagwedeza ndodo. "Kaya. Dziko lake latha kale ili, sitima ikubwera kudzaima pa ana athu. Tiyeni. Koma mukagwa m'matope ine sindikudzutsani."

Dambo lomwe ndinkaliona pazenera silinali lomwe tinalipeza pansi. Ukaliyang'ana patali limaoneka lobiriwira monga kale, koma m'kati mwake munali maenje a oumba njerwa, mapepala a pulasitiki, madimba a kabichi odulidwa ndi timifuleni. Akakowa anali pomwepo, oyera ngati kale. Tinayenda pang'onopang'ono, ine nditagwira mkono wa gogo, amuna anga pambuyo nsapato zikumira mpaka m'masokosi. Sanadandaule ngakhale kamodzi.

"Tafika pakatope?" anafunsa amayi aja.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Mtengo uja unadulidwa kale ndi ootcha njerwa, ndinkadziwa, koma ndinkati chitsa chilipo. Panalibe chitsa. Panalibe ngakhale dzenje losonyeza kuti panali mtengo.

"Katope kulibe, amayi."

"Nanga kamtsinje? Kanali kudzanja lamanja, tinkawerengera kuchokera pamenepo."

"Anakapatutsa a madimba. Kali uko tsopano."

Anatembenuka, kutembenukanso, kugogoda pansi ndi ndodo. Anapita kutsogolo pang'ono, kubwerera. Mayi waukali uja, amene sindinamuonepo akusowa chonena, anaima pakati pa zikhomo zofiira ngati mlendo. Potsiriza anatambasula dzanja n'kuzunguliza malo aakulu ngati bwalo la mpira.

"Ndi chapompano, mwana wanga. Chapompano. Ndakulakwira, sindikupaonanso."

Ndinali nditadziuza kuti sindilira, koma zinakanika. Ndinakhala pansi m'matope momwemo ndi chitenje changa chabwino. Ndinadikira zaka zonsezo kuti ndidzaone kamalo kokwana dzanja langa, ndipo ndinapatsidwa dambo lomwe lija ndinali nalo kale. Ndinalira, ndipo palibe anandiletsa. Panalibenso ena oti aope kubwera.

Amene anayankhula anali amuna anga. Anavula chipewa n'kufunsa mwaulemu, ngati akupempha mawu pamsonkhano wa mpingo. "Amayi, malo mwaiwala, palibe mlandu. Koma mwanayo munamunyamula ndinu. Anali mwana wanji?"

Ine funso limenelo sindinayerekeze n'komwe kulifunsa, ngakhale kwa apongozi ali moyo.

"Aa, zimenezo ndiye sindingaiwale," anatero gogo uja, mawu atabwerera mwakale. "Anali wamkazi. Wonenepa bwino, zala zazitali. Tsitsi lili bii, lodzaza mutu wonse, ngati lanu lija musanachite dazi."

Mtsikana. Ndinali naye mtsikana, abale. Nthawi yonse imene ndinkasirira ana a eni pakhonde, wanga anali kuseri kwa nyumba yanga, tsitsi lake losalukidwa.

Amuna anga anagwada pafupi nane, buluku la suti m'matope. Anayang'ana pansi, kenako anatchula dzina. Analitchula mofatsa, kawiri, ngati mmene umaitanira mwana amene wagona kuti usamudzidzimutse. Ndinawafunsa kuti dzina limenelo alitenga kuti. Anati analisankha ndili ndi pathupi pa miyezi isanu, lokwanira mwamuna kapena mkazi, ndipo ankadikira tsiku lotulutsa mwana kuti alinene. Anyamata atatu aja atabadwa sanafune kupatsa aliyense, chifukwa linali ndi mwini wake kale. Dzinalo sindilemba pano. Amayi a zitumbuwa anang'ung'udza kuti mtayo sautcha dzina, koma anang'ung'udza motsitsa, ndipo pobwerera ndinawamva akulibwereza okha kuti asaliiwale.

Mathirakitala anabwera mvula itatha. Anathira miyala, kuthira dothi lofiira, kupondaponda mpaka pokhota paja panakwera kuposa mpanda wathu. Masiku amenewo mbale ndinkatsukira m'nyumba. Amayi a zitumbuwa sanaione siteshoni itatha, koma anamwalirira m'nyumba yawo, pamphasa yawo, denga lawo lili pamwamba. Achule anasamukira kumunsi, madzulo amamvekabe koma patali. Ndimalisowa dambo lija. Ndimasowa bango likamawerama ndi mphepo, ndimasowa ngakhale udzudzu wake umene ndinkautukwana chaka ndi chaka.

Siteshoniyo ndi yaing'ono, denga la malata ndi mabenchi a simenti. Amuna anga anachotsa mbali ina ya kampanda kathu n'kuikapo kageti. Masana dzuwa likapepa amavala jekete, ine ndimamanga mpango, timatsetsereka n'kukakhala pabenchi la kumapeto, chakumene kunali katope malinga ndi kuganiza kwathu. Nthawi zina timakangana za malowo, iwo amati ndi chauko, ine ndimati ndi chakuno. Mayi uja wa mzere wachiwiri ndimamuonanso masiku ena atakhala pabenchi lina, alibe katundu. Timangopatsana moni.

Tsiku lina sitima itaima, mlonda watsopano anatiyandikira. "Agogo, kwerani msanga, inyamuka. Mukupita kuti?"

Amuna anga anagwira chipewa n'kumuyankha kuti, "Sitikupita kulikonse, bambo. Tabwera kudzaona mwana."